Momwe mungayezere ligi yofuna mpando wa Division 1 ku America

Ku United States timu ya mpira wamiyendo sikwera kupita mu ligi yaikulu chifukwa chotenga chikho cha ligi yaing'ono, ndipo palibe imene imatuluka chifukwa chothera kumchira. Udindo woti iyi ndiyo ligi yapamwamba umaperekedwa ndi bungwe loyendetsa mpira m'dzikolo la US Soccer ngati chiphaso, kwa ligi imene yapempha n'kukwaniritsa zomwe zidalembedwa. Ligi ya Major League Soccer (MLS) ili nacho chiphaso cha Division 1 kuyambira pomwe idayamba kusewera mu 1996. Ligi ina, North American Soccer League (NASL), idachilakalaka, mapeto ake idalandidwa ngakhale cha Division 2 chomwe idali nacho, ndipo mu 2018 idasiya kusewera. Mu Febuluwale 2025 United Soccer League (USL), yomwe imayendetsa ligi zapansi, idalengeza kuti nayo ikhazikitsa ligi ya Division 1, ndipo mwezi wotsatira eni matimu ake adavota kuti matimu azikwera ndi kutsika.

Kuti mudziwe ngati zolengeza zoterezi n'zenizeni kapena ndi nkhambakamwa chabe, mufunika pepala limodzi, malamulo a US Soccer, ziwerengero za kalembera wa anthu wa dzikolo, komanso mtima wosatengeka ndi zithunzi za mabwalo amene sadayambe n'kumangidwa komwe.

Yambani ndi malamulo enieniwo

Malamulowa ali m'chikalata chotchedwa Professional League Standards. Pa ligi ya amuna ya Division 1, zimene zidakhazikitsidwa mu 2014 ndi izi:

- matimu 12 chaka choyamba, afike 14 pofika chaka chachitatu;
- matimu apezeke m'zigawo zitatu za nthawi, Eastern, Central ndi Pacific, ndiko kuti kuvuma, pakati ndi kuzambwe kwa dzikolo;
- matimu atatu mwa anayi alionse akhale m'madera okhala anthu osachepera 1 miliyoni;
- bwalo lililonse likhale lotchingidwa, lolowa anthu osachepera 15,000;
- timu iliyonse ikhale ndi mwini wamkulu wokhala ndi masheya osachepera 35 peresenti, chuma chake chikwane $40 miliyoni osawerengera timuyo ndi nyumba imene amakhala, ndipo eni onse pamodzi akwane $70 miliyoni;
- timu iliyonse iike chikole cha $1 miliyoni, choti chilipire osewera ndi ngongole ikagwa sizoni ili mkati.

Division 2 ndi yopepukirapo: matimu 8 poyambira, 12 pofika chaka chachisanu ndi chimodzi, madera a anthu 750,000, mabwalo a anthu 5,000, mwini wa $20 miliyoni. Kusiyana kwa magawo awiriwa ndiko kukuonetsani phiri limene ligi yofuna kukwera iyenera kukwera. Bwalo liyenera kukula katatu, chuma cha mwini kawiri. US Soccer ili ndi mphamvu yosintha ziwerengerozi, choncho onani kope latsopano musadayambe kuwerengetsera.

Tsopano jambulani mizere papepala. Timu iliyonse ikhale ndi mzere wake: dzina, dera, chiwerengero cha anthu a deralo, chigawo cha nthawi, bwalo, mipando, mwini bwalolo, mwini wamkulu wa timu, ndi chaka chimene mgwirizano wa bwalo udzathe. Mpata umene simukupeza cholembamo musiye wopanda kanthu. Mipata yotsala imeneyo ndiyo nkhani yeniyeni.

Kuwerenga matimu

Ligi ikamalengeza kuti ili ndi matimu akutiakuti, agaweni m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi matimu amene akusewera kale ndipo asainira kuti alowa. Lachiwiri ndi amene ali ndi mwini ndi dzina koma sadaponyepo mpira. Lachitatu ndi mizinda imene akuluakulu a ligi angoti akukambirana nayo. Werengani gulu loyamba lokha. Lachiwiri liwerengeni pokhapokha ngati bwalo lilipo. Lachitatu musaliwerenge n'komwe.

NASL idagwera apa. Mu 2017 idatsala ndi matimu 8 pomwe malamulo a Division 2 ankafuna 12, ndipo idali kulonjeza kuti matimu atsopano a ku California abwera chaka chotsatira. US Soccer idawerenga amene adalipo.

Kukula kwa msika: dera, osati mzinda

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Lamulo silinena za anthu a mkati mwa malire a khonsolo ya mzinda, limanena za dera lonse la mzinda pamodzi ndi matauni ouzungulira amene anthu ake amakagwira ntchito mumzindamo. Pittsburgh ngati mzinda uli ndi anthu pafupifupi 300,000, koma dera lake lili ndi oposa 2 miliyoni, choncho umadutsa. Miami ngati mzinda sukwana theka la miliyoni, dera lake limaposa 6 miliyoni. Mbali inayo, El Paso ndi mzinda waukulu kuposa Pittsburgh, koma dera lake silikwana miliyoni: limakwana pa Division 2, pa Division 1 ayi. Charleston ndi Colorado Springs nawonso ali m'gulu lomweli ngakhale kuti ali ndi matimu olimba mu USL.

Kenako chitani samu. Mu ligi ya matimu 12, matimu 9 ayenera kukhala m'madera a miliyoni, ndipo malo a madera ang'onoang'ono ndi atatu basi. Ikafika 14, atatu mwa anayi ndi 10.5, choncho pafunika matimu 11, ndipo malo a ang'onoang'ono akhalabe atatu.

Madera oposa miliyoni mu United States ndi opitirira 50. MLS, yomwe idafika matimu 30 mu 2025, ili ndi atatu ku Canada ndipo 27 ali mu United States, awiri ku New York, awiri ku Los Angeles. Ndiye kuti madera aakulu otsala alipo ndithu, ndipo ena mwa iwo ndi onona: Phoenix, Detroit, Tampa, San Antonio, Pittsburgh, Sacramento, Las Vegas, Indianapolis, Louisville. Onsewa ali ndi matimu a USL. Chotero lamulo la msika, ngakhale kuti ndilo limene anthu amakangana nalo kwambiri, si limene lingalepheretse USL.

Likadalepheretsa likadakwezedwa. Mu 2015 padabwera maganizo oti Division 1 izifuna matimu 16 ndi madera a anthu 2 miliyoni. Kukweza mpanda kuchoka pa 1 kufika pa 2 miliyoni kumachotsa madera pafupifupi 20 pam'ndandanda, ndipo ambiri mwa otsalawo ali kale m'manja mwa MLS. NASL idakuwa kuti akuitsekera khomo dala, ndipo maganizowo sadakhazikitsidwe. Mukamva kuti malamulo akuunikidwanso, funso lanu loyamba likhale lakuti: nambala yatsopanoyi ichotsa mizinda iti, ndipo mizindayo ndi ya ligi iti?

Koma musaganize kuti dera lalikulu ndiye ochemerera ambiri. New York Cosmos ya NASL idali m'dera la anthu pafupifupi 20 miliyoni, ili ndi dzina lomwe Pelé adalitchukitsa atabwera mu 1975, koma itabwereranso mu 2013 inkasewera pabwalo la yunivesite ya Hofstra ku Long Island, kutali ndi pakati pa mzinda, ndipo pofika 2016 anthu olowa pamasewero ake sankakwana 5,000. Chivas USA idali ku Los Angeles, mu MLS momwemo, ndipo idatsekedwa mu 2014. San Francisco Deltas idatenga chikho cha NASL mu 2017, chaka chake choyamba, n'kutsekedwa chaka chomwecho. Pomwe FC Cincinnati, m'dera la anthu ongopitirira 2 miliyoni, inkalowetsa anthu oposa 25,000 pamasewero mu 2018 idakali mu USL.

Choncho pambali pa chiwerengero cha anthu lembaninso zinthu zitatu. Ndi matimu angati a masewero ena amene akulimbirana thumba la munthu yemweyo, monga mpira wa chiAmerica, basketball, baseball ndi hockey? Bwalo lili mtunda wotani kuchokera pakati pa mzinda, ndipo sitima kapena basi imafikako? Nanga ndi anthu angati amene agula matikiti a sizoni yonse? Nambala yachitatuyi ndi yodalirika kuposa imene timu imalengeza pa tsiku la masewero, chifukwa ku America amakonda kulengeza matikiti amene atuluka, kuphatikizapo ogawidwa ulere, osati mitu ya anthu amene adutsadi pageti.

Pomaliza pa msika, onani ngati ligi ikulowa m'dera limene muli kale timu ina ya msinkhu wake. Mu 2016 NASL idaika Rayo OKC m'dera la Oklahoma City, momwe mudali kale Energy FC ya USL. Idasewera sizoni imodzi yokha, pabwalo la sukulu ya sekondale, ndipo mikangano ya eni ake idafika poti mmodzi adayalula mbali ina ya kapinga wapulasitiki wa pabwalopo n'kunyamula, sizoni isadathe.

Bwalo ndilo fupa

Lamulo la msika limalola kuti imodzi mwa matimu anayi ipelewere. La bwalo silitero: bwalo lililonse likwane 15,000. Matimu ambiri a USL amasewera m'mabwalo a anthu 5,000 mpaka 10,000. Lynn Family Stadium ya Louisville City, yomwe idatsegulidwa mu 2020, ili ndi mipando 11,700 ndipo imapitirira pang'ono 15,000 mukawerengera oimirira. Weidner Field ya ku Colorado Springs ndi ya 8,000. Bwalo la timu ya ku Pittsburgh lidamangidwa laling'ono kuposa apo. Detroit City ndi Sacramento Republic adalengeza zomanga mabwalo atsopano.

Pa bwalo lililonse lomwe lalonjezedwa, fufuzani magawo anayi motsatana: malo agulidwa kapena abwerekedwa, khonsolo yavomereza, ndalama zapezeka ndipo zadziwika kochokera, makina ayamba kukumba. Bwalo lomwe silidadutse gawo lachitatu musaliike papepala lanu. Kuchokera pokumba mpaka tsiku lotsegulira pamatenga zaka pafupifupi ziwiri, choncho ngati ligi yati iyamba chaka chakuti, bwererani m'mbuyo zaka ziwiri n'kuona ngati pa nthawiyo dothi lidayamba kusuntha. Mtengo wake si wamasewera: bwalo la Louisville lidadya pafupifupi $65 miliyoni, pomwe TQL Stadium ya Cincinnati, ya anthu 26,000, idadya pafupifupi $250 miliyoni.

Njira yachidule ndi kubwereka bwalo lalikulu la masewero ena. Papepala zimakwana, koma zili ndi mavuto atatu. Loyamba, wobwereka satenga ndalama zonse za malo oimika galimoto, zakudya ndi zakumwa, kapena za kampani yogula dzina la bwalo, pomwe timu ya mpira ku America imadalira kwambiri ndalama za tsiku la masewero. Lachiwiri, mwini bwalo ndiye amayamba kusankha masiku. New York City FC, timu yolemera ya MLS, yakhala ikusamutsa masewero ake apakhomo kuchoka ku Yankee Stadium kupita ku mabwalo ena pamene timu ya baseball ikufuna bwalo lake, mpaka nthawi ina idakasewera ku Connecticut, kunja kwa New York. Lachitatu, anthu 5,000 m'bwalo la mipando yoposa 40,000, monga Protective Stadium komwe kumasewera Birmingham Legion, amaoneka ngati palibe aliyense pa kanema, ndipo makampani othandiza amaona zomwezo.

Pali chinthu china choti muchidziwe: US Soccer imatha kukhululukira ligi pa mfundo ina kwa kanthawi. San Jose Earthquakes idasewera mu MLS kuyambira 2008 mpaka 2014 pabwalo la anthu ongopitirira 10,000, ndipo timu ya Kansas City idasewera zaka zitatu pabwalo laling'ono la baseball. NASL idatchula zoterezi ngati umboni wa tsankho. Kwa inu woyeza, phunziro ndi lakuti timu imodzi kapena ziwiri zopelewera, zomwe mabwalo awo akumangidwa, zitha kulekereredwa. Theka la ligi silingalekereredwe.

Eni ake: adzapirira zaka zingati?

$40 miliyoni ndi mpanda wolowera chabe. Funso lenileni ndi lakuti mwiniyo angataye ndalama zingati chaka ndi chaka osathawa. MLS idataya pafupifupi $250 miliyoni m'zaka zake zisanu zoyambirira. Mu Januwale 2002 idatseka Tampa Bay Mutiny ndi Miami Fusion n'kutsala ndi matimu 10, ndipo idapulumuka chifukwa anthu atatu, Philip Anschutz, Lamar Hunt ndi Robert Kraft, adasenza matimu otsalawo. Anschutz yekha adafika pokhala ndi matimu asanu ndi limodzi.

Kudalira thumba limodzi koteroko kumapulumutsa, komanso kumapha. NASL idali ndi kampani ya Traffic Sports pamtima pake, yomwe idali ndi matimu monga Fort Lauderdale Strikers ndi Carolina RailHawks pa nthawi zosiyanasiyana. Mu Meyi 2015 Aaron Davidson, mkulu wa kampaniyo ku America yemwenso adali wapampando wa bodi ya NASL, adazengedwa mlandu pa nkhani ya katangale wa ku FIFA. Thumba lidauma, dzina la ligi lidada. Papepala lanu, ikani chizindikiro paliponse pomwe dzina la mwini mmodzi kapena kampani imodzi labwera kawiri, n'kudzifunsa kuti atachoka mawa patsala matimu angati.

Ngakhale timu yolandiridwa kale itha kugwa chifukwa cha munthu mmodzi. Sacramento idapatsidwa malo mu MLS mu Okutobala 2019. Mu Febuluwale 2021 mwini wamkulu, Ron Burkle, adabwerera m'mbuyo, ndipo malowo adapita nawo.

Chimamanga matimu n'chiyani kuti asathawe?

Gawo ili ndilo limene limasiyanitsa ligi yokhalitsa ndi yongodutsa, ndipo silipezeka m'malamulo a US Soccer.

MLS idapangidwa ngati kampani imodzi. Makontrakiti a osewera amasainidwa ndi ligi, ndipo amene timawatcha eni matimu ndi anthu ogula masheya mu ligiyo n'kupatsidwa ufulu woyendetsa timu imodzi. Munthu wotere sanganyamule timu kupita nayo ku ligi ina. Osewera adasumira kakonzedweka pa mlandu wa Fraser, koma khoti la apilo lidagamula mokomera MLS mu 2002. NASL idasankha njira yosiyana, timu iliyonse yodziimira payokha, yopanda malire a malipiro. Ochemerera ambiri okonda mpira wa ku Ulaya adaikonda njirayi, koma khomo lotulukira lidakhala lotsegula mbali zonse ziwiri. Kumwamba, Montreal Impact idapita ku MLS mu 2012, Minnesota United mu 2017. Kumbali, Tampa Bay Rowdies ndi Ottawa Fury adapita ku USL mu 2017, Indy Eleven ndi North Carolina FC adatsatira mu 2018. San Antonio Scorpions ndi Atlanta Silverbacks adali atasiya kale kusewera mu ligiyi 2015 itatha.

Ligi yaing'ono ili ngati mlimi wofesa mbande pa nazale, mnzake wa munda waukulu n'kumabwera kudzazula zokhwima zokhazokha. Seattle, Portland, Vancouver, Orlando ndi Cincinnati onse adaonetsa kaye mu ligi zapansi kuti mizinda yawo ili ndi njala ya mpira, MLS idabwera pambuyo. M'mizinda ina momwe sidatenge timu yomwe idalipo, timuyo idafa: Saint Louis FC idatseka mu 2020 mzindawo utapatsidwa timu ya MLS, San Diego Loyal idatseka mu 2023 pa chifukwa chofanana, itasowanso bwalo lokhazikika. Ku Indianapolis, mu Epulo 2024, meya Joe Hogsett adalengeza kuti mzindawo ufunafuna timu ya MLS, ndipo dongosolo la bwalo latsopano la Indy Eleven, lomwe malo ake adali atayamba kale kusalazidwa, lidasokonekera pomwepo. MLS sidafunike n'komwe kuika timu mumzindamo kuti izi zichitike.

Ndiye fufuzani mfundo izi mu mgwirizano wa ligi ndi matimu ake: timu yofuna kutuluka ilipira zingati, iyenera kudziwitsa ligi nthawi yaitali bwanji, dzina ndi chizindikiro cha timu n'za ndani, ndipo ufulu wa dera uli m'manja mwa ndani. Kenako tengani matimu atatu amphamvu papepala lanu n'kuwafufuta. Ngati otsalawo sakwana 12, kapena chigawo cha Pacific chatsala chopanda timu, ligiyo ikhala ndi moyo pokhapokha MLS ikafuna.

Ndalama za kanema ndi zolowera

Mgwirizano wa MLS ndi Apple, womwe udayamba mu 2023, udalengezedwa kuti ndi wa $2.5 biliyoni pa zaka 10. Ligi ina ikamati masewero ake azionetsedwa pa kanema wamkulu, funsani zinthu ziwiri: kodi kanemayo akulipira ligi, kapena akungogawana ndalama za malonda, ndipo makamera ndi antchito ojambula akulipiridwa ndi ndani. Kuoneka pa kanema si kulandira ndalama. Mu 1967 ligi ya National Professional Soccer League (NPSL) idali ndi mgwirizano ndi kanema wa CBS pomwe mnzake, United Soccer Association, ndiye adali ndi chilolezo cha bungwe la mpira. Onse awiri adataya ndalama, adaphatikizana kukhala NASL yakale ya matimu 17 mu 1968, ndipo mu 1969 adatsala matimu asanu.

Ndalama yolowera mu MLS ikufotokozerani chifukwa chake ligiyi siifuna n'kumva komwe za kutsika. Toronto FC idalipira $10 miliyoni kuti iyambe kusewera mu 2007. St. Louis idalipira $200 miliyoni, Charlotte $325 miliyoni, San Diego $500 miliyoni. Munthu amene walipira theka la biliyoni wagula mpando wosachotsedwapo, ndipo mtengowo umakwera chifukwa mipando ndi yochepa. Mu 2017 Riccardo Silva, mwini Miami FC, adauza MLS kuti kampani yake ipereka $4 biliyoni pa zaka 10 za kanema ngati ligiyo ivomera kukwera ndi kutsika. MLS idakana. Miami FC pamodzi ndi timu yaing'ono ya Kingston Stockade adapita ku khoti la zamasewero la CAS ku Lausanne kukapempha kuti lamulo la FIFA lonena za kukwera chifukwa cha kupambana pabwalo ligwire ntchito ku America, ndipo mu 2020 adagonja.

Ligi yachiwiri ya Division 1 ndi chiopsezo ku mtengo wa mipando imeneyi, chifukwa munthu wachuma wa ku Phoenix kapena Detroit akhoza kupeza dzina lomwelo la Division 1 pa mtengo wotsika kwambiri. Mkangano wonse wagona pamenepa.

Bungwe ndi makhoti

Lembani masiku a mlandu wa NASL kuti muone liwiro la khoti poyerekeza ndi liwiro la sizoni. Mu Januwale 2017 US Soccer idapatsa NASL ndi USL chiphaso chongoyembekezera cha Division 2. Mu Seputembala 2017 idakana kuipatsanso NASL cha 2018. Mwezi womwewo NASL idasumira ku khoti la ku Brooklyn, ponena kuti bungwelo likugwirizana ndi MLS kuti pasakhale mpikisano. Umodzi mwa maumboni ake udali woti kampani ya MLS yotchedwa Soccer United Marketing, yomwe idakhazikitsidwa mu 2002, ndiyo inkagulitsanso malonda ndi ufulu wa kanema wa US Soccer, mgwirizano womwe udatha kumapeto kwa 2022. Mu Novembala 2017 khoti lidakana kupereka chiletso chimene NASL inkafuna kuti isunge chiphaso chake. Mu Febuluwale 2018 khoti la apilo lidagwirizana nalo, ndipo NASL idalengeza kuti sizoni ya chaka chimenecho kulibe. Mlandu weniweni udamvedwa mu Januwale 2025, ndipo kumayambiriro kwa Febuluwale chigamulo chidakomera US Soccer ndi MLS. Osewera, makochi ndi ochemerera adali atamwazikana zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ligi imene chiyembekezo chake chili kwa maloya muiwerenge ngati yatseka kale.

Kusewera popanda chilolezo nakonso sikuyenda. Mu 1928 American Soccer League idakangana ndi bungwe la mpira pa za chikho cha National Challenge Cup, chomwe lero ndi US Open Cup. Bungwelo lidailanda chilolezo n'kuthandiza kukhazikitsa ligi ina yopikisana nayo. Adagwirizana mu Okutobala 1929, mwezi womwe chuma cha America chidagwa, ndipo mpira waganyu wa dzikolo, womwe udali wamphamvu m'zaka zimenezo, sudadzukenso kwa nthawi yaitali. Osewera odziwika salola kusaina ndi ligi yopanda chilolezo chifukwa amaopa kuletsedwa kusewerera matimu a mayiko awo.

Palibe lamulo loletsa ligi ziwiri za Division 1. Mpira wa amayi uli nazo kale: National Women's Soccer League (NWSL), ndi USL Super League yomwe idalandira chiphaso mu 2024 n'kuyamba ndi matimu 8, kungoti mpanda wa amayi ndi wotsika, mabwalo a anthu 5,000. Komabe chiphaso pachokha sichipereka malo mu Concacaf Champions Cup, chikho cha matimu a kumpoto ndi pakati pa America ndi ku Caribbean. Matimu a United States amalowamo kudzera mu MLS, Leagues Cup (chikho cha matimu a MLS ndi a ku Mexico) ndi US Open Cup, ndipo timu ya kunja kwa MLS yomwe idatenga Open Cup komaliza ndi Rochester Rhinos mu 1999. Sacramento Republic idafika mu ndime yomaliza mu 2022 koma idagonja 3-0 kwa Orlando City.

Yesani kukwera ndi kutsika papepala lanulo

Ngati ligi yalonjeza kuti matimu azikwera ndi kutsika, chitani mayeso omaliza awa. Tengani matimu 12 a ligi yapamwamba, tsitsani awiri, kwezani awiri ochokera pansi, ndipo muchite zimenezi m'njira yoipitsitsa imene ingathe kuchitika. Tinene kuti malo atatu a madera ang'onoang'ono adzaza kale, kenako zatsika Tampa ndi Sacramento, zakwera Charleston ndi Colorado Springs. Matimu a m'madera a miliyoni atsala 7 mwa 12, pomwe lamulo likufuna 9. Mabwalo awiri atsopanowo sakwana 15,000. Ngati Sacramento ndiyo idali yokha ku Pacific, mfundo ya zigawo za nthawi nayo yagwa, pakuti Colorado Springs ili m'chigawo cha Mountain chomwe lamulo silichitchula. Zotsatira za pabwalo za Loweruka limodzi zaphwanya mfundo zitatu.

Njira zotulukira zilipo zitatu. US Soccer isinthe malamulo kapena ipatse timu yokwera zaka zingapo zoti ikuze bwalo. Kapena ligi iike lamulo loti timu yosakwanira siikwera ngakhale itapambana, zomwe zimachotsa mchere wonse wa kukwera ndi kutsika. Kapena ligi iyambe ndi matimu ochuluka a m'madera aakulu, ndi osachepera atatu ku Pacific, kuti mpata wopelewera ukhalepo. Onaninso ngati pali ndalama yothandizira timu yotsika, chifukwa mwini amene watenga ngongole yomangira bwalo la anthu 15,000 adzayenera kubweza ngongoleyo ndi matikiti a Division 2, uku akulipirabe ndege zopita kumasewero a mtunda wa makilomita oposa 4,000.